Mphoto ya Gwendolyn Brooks: dzina lilipo, nanga khutu lake?

Mu 1968 chigawo cha Illinois ku America chidasankha Gwendolyn Brooks kukhala mlakatuli wake wamkulu. Udali udindo waulemu chabe, koma mayiyu sadafune kungoukhalira. Chaka chotsatira adayambitsa mpikisano wa ndakatulo wa ana asukulu, ndalama za mphoto akupisa m'thumba mwake, ndipo adauyendetsa mpaka pomwe adamwalira pa 3 Disembala 2000. Mu 2017, pokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire iye, bungwe la Illinois Humanities lidaudzutsanso. Lero umatchedwa Gwendolyn Brooks Youth Poetry Awards, ndipo amalowa nawo ana kuyambira a sukulu ya mkaka kufikira omaliza sekondale.

Kutchula mphoto dzina la malemu n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa chomwe oweruza ayenera kusaka m'ndakatulo ya mwana kuti dzinalo lisangokhala chidindo papepala. Kwa Brooks chinthucho chimadziwika: khutu.

Umboni uli mu ndakatulo yake ya "We Real Cool", yomwe idatuluka m'magazini ya Poetry mu 1959. Ili ndi mizere 8 ndi mawu 24 basi, lililonse la phatikizo limodzi. Brooks adaona anyamata akusewera pool nthawi yomwe anzawo adali m'kalasi, ndiye adawapatsa pakamwa kuti adzitame okha. Luso lonse lagona pamalo pomwe adaika liwu lotanthauza "ife". M'malo moyamba nalo mzere, monga angachitire aliyense, adalikankhira kumapeto kwa mizere 7 yoyambirira, pomwe limatsala lili lendelende, mpweya utatha. Mwiniwake ankati liwulo lizitchulidwa motsitsa, chifukwa anyamatawo akudzikayikira ngakhale akuyankhula mwathamo. Pamzere womaliza, wonena za kufa msanga, liwu lija palibenso. Mlakatuli sadadzudzule anyamatawo ngakhale pang'ono. Kadulidwe ka mizere ndiko kadagwira ntchito yomwe wina akadaipatsa ulaliki.

Ndakatuloyi idatchuka moti Brooks ankakumbutsa anthu pamisonkhano kuti adalembanso zina. Adali ndi chifukwa. M'buku lake loyamba, A Street in Bronzeville la mu 1945, muli ndakatulo ya mabanja opanikizana m'tizipinda ta lendi ku South Side, mumzinda wa Chicago, momwe maloto a munthu akulimbana ndi fungo la anyezi, la zinyalala pakhonde, ndi mzere wodikira bafa. Buku lachiwiri, Annie Allen, lidampezetsa mphoto ya Pulitzer mu 1950, ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kuilandira.

Khutu limenelo sadabadwe nalo lokhwima. Ali mtsikana adaonetsa zolemba zake kwa mlakatuli James Weldon Johnson, yemwe adamuuza kuti awerenge alakatuli amakono monga T. S. Eliot ndi Ezra Pound. Mlakatuli wina, Langston Hughes, nayenso adaziwerenga n'kumulimbikitsa. Mu 1941 adalowa m'gulu lomwe Inez Cunningham Stark ankaphunzitsa ku South Side Community Art Center, komwe ndakatulo ya munthu inkasendedwa pamaso pa anzake. Atakhwima, adabweza ngongoleyo: adaphunzitsa achinyamata a gulu lovuta la Blackstone Rangers, adalera alembi ngati Haki Madhubuti, ndipo adachoka ku kampani yaikulu ya Harper & Row n'kumasindikiza mabuku ake ku Broadside Press, kampani yaing'ono ya Dudley Randall ku Detroit.

Apa ndi pomwe mphoto ili ndi malire. Mpikisano umabwera kamodzi pachaka, umatchula opambana, anthu n'kuwomba m'manja. Koma chomwe chidaumba Brooks ndi munthu wokhala naye pansi n'kumufunsa chifukwa chake mzere wathera apa osati apo. Satifiketi siyifunsa funso lotere.

Palinso ngozi yotengera. Mu 2010 mlakatuli Terrance Hayes, m'buku lake Lighthead, adatulukira kalembedwe kotchedwa golden shovel: mawu a ndakatulo ya Brooks amaikidwa limodzilimodzi kumapeto kwa mizere ya ndakatulo yatsopano, moti wowerenga akatsetsereka m'mphepete amapezamo ndakatulo yakale ija. Kalembedweka kadafala mpaka mu 2017 kudatuluka buku lonse la ndakatulo zotere. N'kabwino pophunzitsa, chifukwa kamakakamiza wolemba kusamala mathero a mzere, pomwe Brooks adali katswiri. Koma n'kosavutanso kukachita mwamwambo chabe, mawu a malemu atandandalikidwa bwinobwino pomwe wolembayo sadaone kanthu ndi maso ake.

Chomwe okonza mpikisano wa lero adachita bwino n'kusunga ana aang'ono. Mwana wa zaka 6 sadziwa Pulitzer, sadziwanso kuti pali kalembedwe kofunika kusangalatsa nako oweruza. Amalemba za galu wa kwawo kapena za basi yomwe yachedwa, ndipo oweruza amasankha opambana kalasi ndi kalasi kuti asapikisane ndi wa zaka 17. Mphotoyi njoyenera dzina la Brooks pokhapokha oweruza akamawerenga ndakatulozo mokweza asanasankhe, ndiponso aphunzitsi a ku Illinois akamakhala pansi ndi ana omwe sadapambane.