Lipoti la ku Gaza linayerekeza midzi, silinayerekeze ma escolinha

Mphunzitsi wa kalasi yoyamba sachedwa kuzindikira mwana amene wadzera ku escolinha. Amagwira bwino pensulo, salira mayi ake akamabwerera kunyumba, amadziwa kudikira nthawi yake yolankhula. Koma mphunzitsi yemweyo amadziwanso kuti ana ochokera ku ma escolinha awiri a m'boma limodzi amatha kusiyana kwambiri: ena amabwera ndi nthano ndi mafunso, ena amangobwereza manambala a Chipwitikizi osadziwa kuti "cinco" ndi miyala ingati. Kusiyana kumeneku ndi kumene lipoti lotchuka kwambiri pa nkhaniyi m'Mozambique silinakufufuze mokwanira.

Lipotilo ndi The Promise of Preschool in Africa, limene Sebastian Martinez, Sophie Naudeau ndi Vitor Pereira anatulutsa mu 2012 mothandizidwa ndi Banki Yadziko Lonse. Anatsata ntchito imene bungwe la Save the Children linayamba mu 2008 m'maboma a Manjacaze, Xai-Xai ndi Bilene, m'chigawo cha Gaza. Pa midzi 76, midzi 30 inasankhidwa mwa mayere kuti ikhale ndi escolinha, 46 inatsala yopanda. Patatha zaka ziwiri anayezanso ana onse.

Ntchitoyi ndi yoyamikika. Popeza midzi inasankhidwa mwa mayere, palibe anganene kuti ma escolinha anapita kwa mafumu odziwa kupempha kapena kumidzi ya m'mbali mwa msewu. Choncho zimene anapeza ndi zodalirika: mwayi woti mwana alowe sukulu ya pulaimale unakwera ndi 24 peresenti, ana anapita patsogolo pa kuganiza ndi pa kugwiritsa ntchito zala, ndipo zonsezi pa mtengo wa madola 2.47 pa mwana aliyense pamwezi. Ngakhale azikulu awo, amene kale ankatsala pakhomo kulera, anayamba kupita kusukulu.

Vuto lili pa funso limene anafunsa. Anayerekeza mudzi wokhala ndi escolinha ndi mudzi wopanda. Ma escolinha a midzi 30 ija anathiridwa m'dengu limodzi, ngati kuti onse ndi ofanana. Amene anali ndi mlezi wodziwa kucheza ndi ana ndi amene mlezi wake ankangoimbitsa nyimbo imodzimodzi mmawa wonse analowa m'nambala imodzi. Kwa nduna yofuna kudziwa ngati ndalama ziperekedwe, nambala imeneyo ikukwana. Kwa mkulu wa maphunziro m'boma, amene ayenera kudziwa escolinha yoyamba kuithandiza, siikwana.

Palinso mfundo imene ambiri otchula lipotili amaidumpha, ndipo ndi imene ikukhudza kwambiri aphunzitsi a zilankhulo ziwiri: pa chilankhulo, kusintha kunali kochepa kwambiri. Ana odzera ku escolinha sanapose anzawo pa kuchuluka kwa mawu amene amadziwa. Chifukwa chimodzi chingakhale mayesowo. Anagwiritsa ntchito TVIP, mayeso amene anakonzedwera ana olankhula Chisipanishi: mwana amamva liwu n'kuloza chimodzi mwa zithunzi zinayi. Mwana wa kumudzi amene amadziwa mayina a mbalame, a zitsamba ndi a ziwalo zonse za mbuzi akhoza kulephera pa chithunzi cha chinthu chimene sanachionepo. Koma kungakhale kudzinamiza kuponya mlandu wonse pa mayeso. N'kuthekanso kuti m'ma escolinha ambiri ana ankangoyankha pamodzi, osapatsidwa mpata wofotokoza okha. Kuti zimenezi zidziwike pakufunika munthu wokhala m'kalasi mmawa wonse, womva Chichangana, n'kumawerenga kangati mwana walankhula chiganizo chakechake.

Kafukufuku wa kutsidya kwa malire anafunsa funso labwinopo. Berk Özler ndi anzake anatsata sukulu za mkombaphala 199 za m'midzi ku Malawi, m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2018. Zonse zinalandira zoseweretsa ndi zophunzirira. Zina zinaonjezeredwa maphunziro a alezi, zina kandalama ka pamwezi, zina maphunziro a makolo. Kuphunzitsa alezi kunakonza m'kalasi, koma ana anapita patsogolo pa chilankhulo pokhapo pamene makolo nawo anaphunzitsidwa. Patatha zaka zitatu, kusiyana kuja kunazimiririka. Imeneyi si nkhani yosangalatsa, koma ndi yothandiza, makamaka kwa a ku Angónia, amene ana awo amalankhula chimodzimodzi ndi a ku Dedza. Ikusonyeza kuti kalasi yooneka bwino kwa mlendo woyeza sindiye kuti mwana akuphunziramo mawu, ndiponso kuti zimene wapeza ku escolinha zikhoza kutayika m'makalasi oyamba a pulaimale.

Pambuyo pa lipoti la ku Gaza boma linakhazikitsa DICIPE, ndipo ma escolinha anafalikira m'zigawo zisanu, kuphatikizapo Tete. Lamulo la maphunziro la 2018 linaika maphunziro a ana aang'ono m'dongosolo la dziko. Tsono kuyerekeza escolinha ndi inzake sikungapewekenso, ndipo chosavuta n'kuwerenga malata, zimbudzi ndi mikeka. Zimenezo n'zofunika, koma fomu yoyezera iyeneranso kukhala ndi mzere wonena chilankhulo chimene mlezi amalankhula, chimene mwana amayankhira, ndi chimene adzachipeze m'kalasi yoyamba. PEBIMO inayesa kale Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997. Anthu odziwa kumvetsera kalasi m'zilankhulo zimenezi alipo, ndipo ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi amene amalandira anawa chaka ndi chaka.