Ukonde wa Berners-Lee, Napolo wa ku Michesi

Buku la Tim Berners-Lee, Weaving the Web, lomwe analemba mothandizana ndi Mark Fischetti ndipo linatuluka mu 1999, ndi mbiri ya munthu amene analuka ukonde umene tonsefe takodwamo. Mkuluyu sadzitama. Amangofotokoza mwakachetechete ngati mmisiri amene akukuonetsa momwe anakhomera chitseko.

Anamaliza maphunziro a physics ku Oxford mu 1976, nagwirako ntchito ku Plessey, kenaka mu 1980 anapita ku CERN, kufupi ndi Geneva, kwa miyezi 6 yokha. Kumeneko analemba kapulogalamu kotchedwa Enquire, kongomukumbutsa kuti uje akugwira ntchito yanji, pa makina ati. Kapulogalamuko kanatayika, koma ganizo lolumikiza zikalata silinamuchoke. Mu 1989 analilemba papepala, ndipo pofika kumapeto kwa 1990 linali likugwira ntchito pa kompyuta ya NeXT.

Pokoma penipeni ndi pamene iye ndi mnzake Robert Cailliau akunyengerera anthu kuti ayeseko chinthu chatsopanochi, anthuwo n'kumangogwedeza mutu mwaulemu. Aliyense amene anayendapo ndi ndakatulo zake m'maofesi a akonzi akudziwa kuwawa kwake. Mpaka pa 30 April 1993 CERN inalola kuti aliyense agwiritse ntchito lusoli kwaulere. Mitu yotsatira, yonena za bungwe la W3C la mu 1994, ndiye kaya. Ikumveka ngati maminitsi a msonkhano wa komiti.

Koma dandaulo langa lalikulu ndi lina. Makolo ake onse awiri anagwirapo ntchito pa kompyuta ya Ferranti Mark 1, choncho kwa iye magetsi ndi lamya zili ngati mpweya, sazitchula ngati vuto. Woŵerenga wa ku Migowi kapena ku Chiringa adzadabwa. Chaka cha 1991, chimene ukondewu unatsegulidwa kwa anthu onse, n'chomwechonso Napolo anatsika m'phiri la Michesi mwezi wa March, n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana ku Phalombe. Uthenga wa maliro unayenda pa wayilesi ya MBC, panjinga ndi pamapazi.

Napolo ali nawo alakatuli ake. Steve Chimombo anali atatulutsa kale Napolo Poems mu 1987. Nanga amisiri athu a kompyuta adzawalemba ndani? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, a Dr Paulos Nyirenda a ku Chancellor College, nawonso a physics, anayendetsa e-mail kudzera pa Fidonet, njira imene makalata ankaunjikana kaye pa kompyuta kudikira kuti lamya ilumikize. Dzina lathu la .mw linabwera mu 1997. Abale, nkhani ndi imeneyotu: munthu ali tcheru pamakina, kalata ya ku London ili m'njira, magetsi aphethira. Olemba athufe tikadali pa nkhani za apongozi ndi ufiti, basi.