Luso la telala wa m'komboni limaonekera pa msoko

Pakhonde la sitolo ku Chawama, kapena pamsika ku Mtendere, makina a Singer ndi Butterfly amalira kuyambira m'mamawa. Wofuna kudziwa telala weniweni asatengeke ndi liwiro la phazi lake. Atenge diresi, aliyang'ane kumsana, pamene zidutswa ziwiri za nsalu zakumanirana. Ngati duwa lomwe linadulidwa pakati labwereranso lathunthu pa msoko, ameneyo ndi mmisiri.

Kale luso lathu la nsalu linkayambira kutali kuposa apa. Makolo ankasasantha makungwa a mitengo n'kupanga chiwondo, ndipo David Livingstone atafika ku Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuwomba nsalu zawozawo. Chitenje chinadzera njira ina. Maluwa ake anachokera ku batik ya ku Java, imene mafakitale a ku Ulaya, monga Vlisco ya ku Helmond, anatengera n'kumagulitsa mu Africa. Zambia italandira ufulu mu 1964, inafuna kudziveka yokha: kunabwera Kafue Textiles, kenaka Mulungushi Textiles ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la China. Misika itatsegulidwa pambuyo pa 1991, mabelo a salaula ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira, ndipo mu 2007 makina a Mulungushi anazima. Zitenje zambiri zimene amayi amasankha ku Kamwala lero n'zochokera kunja.

Chomwe chinatsala m'manja mwathu ndi sizasi, choko ndi tepi. Nsalu yosindikizidwa kutali imasanduka yathu pa tebulo la telala. Mmisiri wabwino sathamangira kudula. Amayala chitenje chonse, n'kuona kumene mbalame zayang'ana ndi mtunda umene duwa limabwerezera. Duwa lalikulu amaliika pachifuwa kapena pakati pa msana, manja awiri amawadula mofanana, ndipo mphepete yokhala ndi zilembo za fakitale amaibisa mu mpendero. Kukumanitsa maluwa kumadya nsalu, n'chifukwa chake iye amanena poyera: “Amayi, mamita awiri sakwana, onjezerani.”

Mayeso ake enieni amabwera ndi kitchen party kapena chilanga mulilo, pamene amayi khumi abweretsa nsalu imodzimodzi koma matupi osiyana. Wamtali, wamfupi, woyamwitsa, agogo: onse aoneke a gulu limodzi, komabe aliyense athe kugwada, kuvina ndi kunyamula mbale.

Apa ndi pamene ambiri akugwa masiku ano. Chithunzi cha pa Facebook, cha masitayelo a ku Lagos kapena Kinshasa, chimatsatidwa osayang'ana mwini thupi. Mbalame zimaima chadodolido, zipi imakwinyika, diresi limathina moti mayi sangakhale pa mphasa. Ifenso ogula tili ndi mlandu. Timabweretsa nsalu Lachisanu n'kufuna chovala Loweruka, kenaka n'kunenerera mtengo mpaka telala atasowa ya ulusi. Liwiro lilibe manyazi, koma msoko wopindika umayenda nafe mpaka kutchalitchi.

Ndimalakalaka thonje la ku Chipata ndi Katete litamawombedwa konkuno n'kudzafika ku Matero ndi Kanyama ngati chitenje. Likadzafika lidzafuna manja odziwa kulidula. Manjawo alipo kale m'makomboni, ndipo adzakhalapobe ngati tiwapatsa nthawi, nsalu yokwanira ndi malipiro oyenera.