Mphotho Imodzi ya Intouchables: Kodi Oweruza Analungama?

M'chaka cha 2011 ku France kunatuluka sewero la pa kanema la m'Chifalansa lotchedwa Intouchables. Analikonza ndi Olivier Nakache ndi Éric Toledano. Ndi sewero loseketsa, koma m'kati mwake muli chisoni.

Nkhani yake ili motere. Philippe, munthu wachuma wa mumzinda wa Paris, anafa ziwalo kuyambira m'khosi kufikira kumapazi. Tsono analemba ntchito Driss, mnyamata wakuda wosauka amene anali atangotuluka m'ndende, kuti azimusamala. Driss sanamuchitire chifundo chonyengerera. Anali kumuseka monga mnzake. Ichi ndicho Philippe anali kusowa, pakuti chifundo cha anthu chinali chitamutopetsa.

Anthu oposa 19 miliyoni anakaona seweroli m'dziko la France lokha. Ku Tokyo, m'dziko la Japan, linalandira mphotho yaikulu chaka chomwecho. Koma mu 2012, pogawa mphotho za César, zimene ndizo ulemu waukulu wa kanema ku France, linangotola imodzi yokha. Omar Sy, amene anasewera mbali ya Driss, anasankhidwa kukhala mwamuna wosewera bwino koposa. Iye ndiye wakuda woyamba kulandira mphotho imeneyo. Mphotho ya sewero lopambana inapita ku sewero lina, The Artist.

Kodi oweruza analakwa? Iyayi. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere za seweroli ndi izi: wosauka avina, aseketsa, achiritsa mtima wa wolemera, koma umphawi wa abale ake ungoonekera pang'ono ngati utsi wakutali. Nkhani yotere ikondweretsa olemera osawafunsa kanthu.

Koma Omar Sy anaposa nkhaniyo. Usiku wina Philippe avutika ndi ululu, mpweya uli banikabanika. Driss asiya nthabwala, amupukuta kumaso ndi nsalu yonyowa, namutulutsa kunja kukapitidwa mphepo. Pamenepo woonera aiwala za wantchito woseketsa, naona munthu weniweni wodziwa kusamala mnzake.

Kotero oweruza analungama ndithu. Analemekeza mmisiri, osati nkhani yonse. Woonera kanema aliyense ayenera kuphunzira kusiyanitsa komweku, pakuti unyinji wa oonera uonetsa kukoma kwa sewero, koma suonetsa kuya kwake.