Maiwe a pa mabwalo a gofu: pulani imene imaiwala udzudzu

Dziwe la pa bwalo la gofu limagwira ntchito ziwiri: kukola madzi a mvula kuti asakokolole nthaka, ndi kuwasunga kuti azithirira kapinga m'chilimwe. Malangizo ambiri omangira maiwe otere analembedwa ku America, ndipo amati m'mphepete mwa dziwe musiyidwe malo osaya, odzalidwa zomera za m'madzi. Zifukwa zake n'zomveka. Mwana akaterereka samira msanga, komanso zomerazo zimasefa feteleza wochokera pa kapinga. Vuto limabwera pulani yomweyo ikakoperedwa m'dziko la malungo monga lathu lino.

Udzudzu wa Anopheles funestus, womwe uli m'gulu la ofalitsa malungo kwambiri m'Malawi, umakonda madzi osaphwa okhala ndi zomera. Nkhono za Bulinus, zosunga tizilombo ta likodzo, zimakondanso pomwepo. Ndiye malo amene injiniya akuti ndi oteteza ana, ife tikuwaona ngati mosweranamo matenda awiri. Chilimwe chikafika pa Seputembala, mapampu amatsitsa madzi n'kusiya matope okhala ndi tizithaphwi tapadzuwa, ndipo apa m'pamene Anopheles arabiensis amaikira mazira. Kukatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka pasanathe masabata awiri.

Chokhumudwitsa n'chakuti njira yake ndi yakale, ndipo inachokera ku America komweko. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, bungwe la Tennessee Valley Authority linkakweza ndi kutsitsa madzi a m'madamu ake pafupifupi masentimita 30 sabata iliyonse, kuti mphutsi za udzudzu zitsalire pouma n'kufa. Linkalambulanso m'mphepete mwa madamuwo. Bwalo la gofu lili kale ndi mapampu ndi antchito otchetcha udzu, choncho silingadandaule kuti njirayi ndi yodula.

Sindikuti malo osaya achotsedwe basi, chifukwa dziwe lakuya kuyambira m'mphepete limamiza ana. Koma mpanda ungateteze mwana popanda kulera udzudzu. Ndipo dziwe lotere ndi mtundu weniweni wa malo amene WHO imati mankhwala opha mphutsi amathandizapo: ochepa, osasuntha, osavuta kupeza. Bti angathiridwe pamenepo.

Osewera gofu dzuwa likalowa amapita kwawo. Otsala ndi alonda ausiku, mabanja oyandikana ndi bwalo, ndi anyamata olowa m'madzi kutola mipira yogulitsa; amenewa ndiwo mudzawaone ku chipatala akukodza magazi. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, ngati m'dera lanu mukukumbidwa dziwe, kaya la gofu kaya la sikimu ya ulimi wothirira, pemphani kuona pulani simenti isanathiridwe. Funsani kuya kwa m'mphepete mwake, amene azichotsa zomera, ndiponso ngati madzi angatsitsidwe mwadala. Likatha kumangidwa, tungani madzi a m'mphepete sabata iliyonse, muwerenge mphutsi, mulembe m'kaundula.