Ku Norton Anthu Amayenda Kale Wapansi

Mu 2016 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa James Sallis ndi anzake, yemwe anachitika m'mizinda 14 ya m'mayiko 10. Anapeza kuti anthu okhala kumene nyumba zili zothinana, misewu ndi yolumikizana, ndiponso mabasi ndi mapaki ali pafupi, amagwiritsa ntchito thupi mphindi 68 mpaka 89 pa sabata kuposa okhala m'madera opanda zimenezi. Kuyenda kotere kumateteza ku shuga ndi matenda a mtima. Manambalawo sindikuwatsutsa. Chondivuta n'chakuti pa mizinda yonseyo palibe wa mu Africa, ndiye funso lake ndi la anthu oti galimoto ali nayo: tiwanyengerere bwanji kuti aisiye kunyumba?

Funsoli silikugwira ku Norton, tauni yomwe ili makilomita 40 kumadzulo kwa Harare. Kuno kuli ana ndi adzukulu a Amalawi amene anadzagwira ntchito m'mafamu. Komboni ya pafamu inkamangidwa moti wantchito afike msanga kumunda ndi kuchigafa cha fodya. Chipatala chokha ndicho chinali kutali. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anakapanga lendi m'tauni, m'madera ngati Katanga. Anthuwa sanasiyepo kuyenda.

Nkhani ndi yakuti akuponda chiyani, nanga akupita kukatani. Malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray ali pafupi ndi Norton pomwepo, komabe mipopi imauma masiku angapo. Mayi wosenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumjigo amakwanitsa mosavuta mphindi 150 pa sabata zimene bungwe la WHO limalimbikitsa, koma njira yake imadutsa pamene suweji yaphulika. Kolera ya 2008 ndi 2009, yomwe inapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, inafalikira m'madera otere, ndipo Norton sinaisiye. Pa muyeso wa Sallis, mayiyu akanawerengedwa m'gulu la ochita bwino.

Chinanso chimene akatswiri amatamanda, malonda apafupi ndi nyumba, ndicho boma linagumula mu 2005 pa Operation Murambatsvina, ati n'zinyalala. Ine ndikanakonda kafukufuku woyeza mtunda wochokera pakhomo kufika pampopi wotuluka madzi, ndi wowerenga ana asukulu amene amawoloka msewu wa Harare–Bulawayo pakati pa mathiraki m'mawa uliwonse.