Mkate wa ku Minga ndi wa ku Nyanje

M'boma la Petauke, Adaci anamanga misyoni ya Nyanje m'caka ca 1905, ndipo ansembe a Katolika anamanga Minga mu 1923. Onse awerenga mau amodzimodzi amene Yesu ananena za mkate pa mgonero wotsiriza. A ku Minga ati mkatewo usandulika thupi lace leni-leni. A ku Nyanje ati ndiwo cizindikiro ca thupilo. Mlandu wotere unalekanitsanso Luther ndi Zwingli ku Marburg mu 1529.

Koma alakwa iye wakunena kuti mnzace anyoza Malembo. Pakuti a ku Minga sayesa Yesu mtengo weni-weni wa mpesa, angakhale anadzitcha motero. Nawonso a ku Nyanje sayesa kuuka kwace fanizo cabe. Onse asankha, monga Mnsenga asiyanitsa mwambi ndi mbiri. Cotero yense ayenera kufotokoza cifukwa ca kusankha kwace.